Mafunso ndi mayankho: gasi wa AC ya galimoto ndi kusintha kwa nyengo

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kukafika pachimake ku Salima ndi ku Nkhotakota, amakaniko a pa Kamuzu Road, pa boma ndi ku Dwangwa amalandira eni magalimoto ambiri amene pempho lawo limakhala lakuti awathirire gasi chifukwa AC yasiya kuziziritsa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene madalaivala, eni mataxi ndi ophunzira umakaniko amafunsa mobwerezabwereza pa nkhani ya gasi ameneyu ndi zimene amachita akathawira mumlengalenga.

Kodi gasi wa AC ndi chiyani, ndipo amaziziritsa bwanji m'galimoto?

Ndi mankhwala opangidwa m'fakitale amene amawira ngakhale pamalo ozizira kwambiri. R-134a, yemwe ali m'magalimoto ambiri kuno, amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro ngati sanapanikizidwe. Ntchito yake ndi kunyamula kutentha kwa m'kati mwa galimoto n'kukakusiya kunja. Kompulesa, imene imazungulitsidwa ndi lamba wa injini, imamupanikiza n'kumukankhira mu kondensa, chipangizo chazipsepse chimene chimakhala patsogolo pa ladiyeta, ndipo mmenemo mphepo imamuziziritsa mpaka kusanduka madzimadzi. Kenako amadutsa pa kabowo kakang'ono n'kulowa mu evaporator, imene ili kuseri kwa dashibodi, mmene amawiranso n'kumeza kutentha kwa mpweya umene fani ikupemerera okwera. Akachoka pamenepo amabwerera ku kompulesa n'kuyambiranso ulendo womwewo.

Madzi amene amadontha pansi pa galimoto AC ikamayenda si gasi ayi. Ndi chinyezi cha mumpweya, ndipo kuno kunyanja amadontha ochuluka chifukwa mpweya wake ndi wachinyezi.

Kodi gasi amatha ngati mmene amathera petulo?

Ayi, ndipo pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Gasi wa AC sapsa ndiponso sachepa chifukwa chogwira ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Galimoto iliyonse imataya pang'ono pokha m'kupita kwa zaka kudzera m'malabala, koma ngati AC imene inathiridwa gasi chaka chatha yasiyanso kuziziritsa chaka chino, ndiye kuti penapake pabowoka ndipo gasi yense uja ali mumlengalenga. Kuthiranso popanda kufufuza pobowoka kuli ngati kupopa tayala la njinga ya kabaza m'mawa uliwonse m'malo momata chubu. Mwini galimoto amalipira kawirikawiri, kompulesa imavutika chifukwa oilo wake amathawira limodzi ndi gasi, ndipo chilengedwe chimalandira mtolo watsopano chilimwe chilichonse.

Kodi magasi a AC alipo amitundu ingati?

M'magalimoto alipo anayi oyenera kuwadziwa. Wakale ndi R-12, amene ambiri ankamudziwa ndi dzina lamalonda lakuti Freon. Ankagwiritsidwa ntchito mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo adaletsedwa chifukwa chowononga ozoni, mpweya wa kumwamba umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. M'malo mwake mudalowa R-134a, amene pofika 1995 anali atakhazikika m'magalimoto atsopano pafupifupi onse. Ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, ma Fit ndi ma Hiace ochokera ku Japan amene adzaza misewu yathu, ambiri ali ndi ameneyu.

Wachitatu ndi R-1234yf, amene adapangidwa ndi makampani a Honeywell ndi DuPont. Mayiko a mu European Union adalamula kuti kuyambira pa 1 Januwale 2017 galimoto yatsopano iliyonse isakhale ndi gasi amene mphamvu yake yotenthetsa dziko ikuposa ya carbon dioxide ka 150, ndipo Japan idadziikira malire omwewo kufika mu 2023. Choncho magalimoto atsopanoko amene akulowa kudzera pa Songwe, Dedza kapena Mwanza ayamba kufika ndi R-1234yf. Wachinayi ndi R-744, amene ndi carbon dioxide yeniyeni yopanikizidwa kwambiri. Ali m'magalimoto ochepa a Mercedes-Benz ndi Volkswagen, ndipo amafuna mapaipi ndi kompulesa zakezake.

Ndingadziwe bwanji gasi amene ali m'galimoto yanga?

Tsegulani boneti ndipo muyang'ane kunsi kwake kapena pachitsulo cha pamwamba pa ladiyeta. Pamakhala kapepala komatidwa kolembedwa HFC-134a kapena R-134a, kapenanso HFO-1234yf, limodzi ndi magalamu oyenera kuthiridwa ndi mtundu wa oilo. Ngakhale mawu ena atakhala a Chijapanizi, dzina la gasi ndi manambala zimawerengeka. Timilomo tothirirapo gasi timasiyananso kukula malinga ndi mtundu wake, ndipo opanga magalimoto adachita zimenezi mwadala kuti magasi asasakanizidwe.

Gasi wake ndi wochepa, mwina theka la kilogalamu. Angawononge bwanji nyengo?

Ndi wochepadi pa sikelo, koma mphamvu yake yosunga kutentha mumlengalenga ndi yaikulu zedi. Akatswiri amayerekeza gasi aliyense ndi carbon dioxide pa zaka 100, ndipo muyeso umenewu amautcha GWP. Carbon dioxide ali pa 1. Pa manambala amene mapangano a mayiko amagwiritsa ntchito, R-134a ali pa 1,430, R-12 ali pa 10,900, pamene R-1234yf sapitirira 4.

Tiyeni tiwerengetse. Galimoto yaing'ono imalowa magalamu pafupifupi 500 a R-134a. Onsewo akathawa, zikufanana ndi kutulutsa makilogalamu 715 a carbon dioxide. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3, kutanthauza kuti gasi wa AC imodzi akufanana ndi malita oposa 300 a petulo. Galimoto yomwa malita 7 pa makilomita 100 ingayende ndi mafuta amenewa makilomita oposa 4,000, amene ndi maulendo opitirira 20 ochoka ku Salima kupita ku Lilongwe ndi kubwerako. Zonsezi zimatha kuchitika pa mphindi zochepa, pamene makaniko wamasula paipi n'kumangomvera gasi akufwenthera panja. Silinda yodzaza ya makilogalamu 13.6, imene imapezeka m'magalaja ambiri, ili ndi mphamvu yofanana ndi matani oposa 19.

R-134a amakhala mumlengalenga zaka pafupifupi 14, pamene R-12 amakhala zaka pafupifupi 100, moti wotayidwa m'zaka za m'ma 1980 akadali komweko mpaka lero.

Kodi nkhani ya ozoni ndi ya kutentha kwa dziko si imodzi?

Ndi nkhani ziwiri, ngakhale kuti kawirikawiri zimasokonezedwa. Ozoni ndi mpweya wa kumwamba kwambiri umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa chimene chimayambitsa khansa ya pakhungu ndi ng'ala. Mu 1974 akatswiri awiri, Mario Molina ndi Sherwood Rowland, adachenjeza kuti klorini wa m'magasi a gulu la R-12 amaphwanya ozoni, ndipo mu 1985 kudalengezedwa kuti ozoni wapyapyala kwambiri pamwamba pa Antarctica. Zimenezi zidabala pangano la Montreal la mu 1987.

R-134a alibe klorini, choncho sawononga ozoni, n'chifukwa chake masilinda ena amalembedwa mawu omutamanda kuti ndi wosamala ozoni. Mawuwo ndi oona, koma sanena kanthu za kutentha kwa dziko, kumene gasiyu amakukolezera monga tafotokozera pamwambapa. Vuto loyamba lidathetsedwa ndi gasi amene sadathetse lachiwiri.

Chimawononga kwambiri ndi chiyani, gasi wothawa kapena mafuta amene AC imamwetsa injini?

Pa dziko lonse, mafuta ndiwo ali patsogolo. Lipoti la bungwe la International Energy Agency la mu 2019 lidawerengera kuti mwa mpweya wonse wotenthetsa dziko wochokera ku ma AC a magalimoto, pafupifupi magawo 70 pa 100 amachokera ku mafuta oyendetsera kompulesa ndipo 30 otsalawo ndi a gasi wothawa. Komabe pa galimoto imene imathiridwa gasi chaka ndi chaka, mbali ya gasi imakula kwambiri, ndipo ndi mbali imene ingatsekedwe popanda munthu kudzimana kuzizira.

Za mafuta, zothandiza ndi zodziwika kale. Imikani galimoto pamthunzi, ngakhale wa mtengo wa mango, m'malo moisiya pamtetete. Ikakhala kuti yatentha, tsegulani mawindo kwa mphindi zoyambirira kuti mpweya wotentha utuluke musanayatse AC, kenako dinani batani lozungulitsa mpweya wa m'kati kuti makinawo asamalimbane ndi mpweya wa panja nthawi zonse. Poyenda pang'onopang'ono m'tauni mawindo otsegula amapulumutsa mafuta, koma pa liwiro lalikulu amapangitsa galimoto kulimbana ndi mphepo, moti phindu lake limachepa.

Kodi gasi amathawira pati, makamaka kuno kunyanja?

Malo oyamba ndi kondensa, chifukwa ndi imene imalandira chilichonse chochokera kutsogolo. Timiyala tolasidwa ndi matayala a malole pa msewu wa M5, makamaka pamene phula lakumbika kapena pamene magalimoto akupatutsidwira m'njira zafumbi, timaboola timapaipi take ta aluminiyamu timene ndi topyapyala kwambiri. Fumbi, udzu ndi tizilombo zimatsekanso zipsepse zake. Amene adadutsapo pakati pa nkhungu madzulo m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota akudziwa mmene kutsogolo kwa galimoto kumaderera. Tizilombo timeneti tikaumira pa kondensa, mphepo sidutsa bwino, gasi amapanikizika kuposa muyeso, ndipo polumikizira pofooka pamayamba kuphwa. Kutsuka kondensa ndi madzi oyenda pang'onopang'ono n'kokwanira, koma madzi amphamvu a pa car wash akalunjikitsidwa pafupi amapinda zipsepsezo.

Malo ena ndi timalabala ta polumikizira mapaipi, mapaipi a labala amene amauma ndi kutentha kwa injini, ndi labala la pa shafuti ya kompulesa. Limeneli limauma AC ikakhala nthawi yaitali osayatsidwa. Ambiri amaizimitsa miyezi yonse ya mwera, Juni ndi Julayi, n'kudzaikumbukira mu Seputembala, pamene gasi wathawa kale. Ndi bwino kuiyatsa mphindi 10 kamodzi pa sabata ngakhale kukuzizira, kuti oilo azungulire n'kufewetsa malabala.

Chizindikiro chosavuta kuona ndi banga la oilo lokutidwa ndi fumbi pa paipi kapena pa ngodya ya kondensa. Pamene padutsa oilo, padutsanso gasi.

Makaniko wodziwa ntchito yake amayenera kuchita chiyani?

Sayamba ndi kuthira. Amayamba wafufuza ngati vuto lilidi la gasi, chifukwa AC imatha kusiya kuziziritsa kaamba ka fyuzi, fani ya kondensa, klachi ya kompulesa kapena sefa ya mpweya wa m'kati imene yadzaza fumbi. Akapeza kuti gasi wachepa, amakoka wotsalayo ndi makina n'kumusunga mu silinda m'malo momutayira panja. Kenako amafufuza pobowoka pogwiritsa ntchito nayitrojeni ndi thovu la sopo, utoto wowala ndi tochi yapadera, kapena kachipangizo konunkhiza gasi. Oksijeni wa wowotcherera zitsulo sayenera kugwiritsidwa ntchito poyesera, chifukwa akakumana ndi oilo amatha kuphulika.

Akakonza pobowoka, amapopa mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu ya vacuum kwa mphindi pafupifupi 30, n'kudikira kuti aone ngati geji ikusuntha. Sitepe imeneyi ndi imene imadumphidwa kawirikawiri, koma kuno ndi yofunika koposa, chifukwa chinyezi chikatsalira m'kati chimaundana pa kabowo kaja ndiponso chimapanga asidi amene amadya aluminiyamu kuyambira m'kati. Ngati mapaipi adakhala otsegula kwa masiku, drier, kabotolo koyamwa chinyezi, imayenera kusinthidwa. Pomaliza amathira gasi poyeza pa sikelo magalamu olembedwa pa kapepala ka pansi pa boneti, osati pongogwira paipi kuti amve ngati yazizira. Gasi wopyola muyeso saziziritsa kwambiri. Amangolemetsa kompulesa ndi kumwetsa mafuta.

Makina okokera gasi ndi okwera mtengo, ndipo si galaja iliyonse imene ili nawo. Sitingaweruze makaniko wa pansi pa mtengo chifukwa chosowa chipangizo chimene sangakwanitse kugula, koma sopo, sikelo ndi kuleza mtima zili m'manja mwa aliyense, ndipo mwini galimoto amene akuumirira kuti angomuthirira msanga chifukwa okwera akudikira pa siteji nayenso ali ndi mbali yake pa vutoli.

Eni ma Prius ndi ma Aqua adziwenso kuti kompulesa ya magalimoto amenewa ndi yamagetsi ndipo imafuna oilo wakewake amene sadutsitsa magetsi. Oilo wamba wa AC, wotchedwa PAG, akalowamo amatha kuiwononga.

Kodi gasi wa mufiriji, wa AC ya m'nyumba kapena wophikira angalowe m'malo?

Ayi. R-22 wa ma AC akale a m'nyumba amapanikizika kwambiri kuposa mmene mapaipi a galimoto angapirire, amawononga ozoni, ndipo GWP yake ndi 1,810. R-600a wa mafiriji atsopano, R-290 (propane) ndi gasi wophikira sawononga nyengo kwenikweni, koma amayaka msanga. Mufiriji mumalowa magalamu ochepa m'mapaipi owotchereredwa, pamene m'galimoto gasi amadutsa pafupi ndi injini yotentha ndi kuseri kwa dashibodi, pamaso pa okwera, m'makina amene sadapangidwire gasi woyaka.

Chenjeraninso ndi gasi wotchipa mokayikitsa. Mu 2011 makontena oziziritsa katundu adaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil n'kupha anthu atatu, ndipo zidapezeka kuti anali atathiridwa R-134a wachinyengo wosakanizidwa ndi R-40, amene amadya aluminiyamu. Utoto wa silinda kapena zolembedwa pa katoni si umboni wokwanira. Gulani kwa wogulitsa wodziwika amene angakupatseni lisiti.

Kodi ndingachotse R-134a n'kuika R-1234yf pofuna kuteteza chilengedwe?

Sitikulimbikitsa zimenezo. Makina a R-1234yf adapangidwa moganizira kuti gasiyo amatha kuyaka, ndipo ali ndi oilo ndi timilomo tosiyana. Galimoto ya R-134a imene sikutaya gasi sikuwononga nyengo kudzera mwa gasiyo. Iye amakhala woopsa akatuluka basi. Ndalama zosinthira ndi bwino zipite ku kukonza pobowoka.

Chofala kwambiri ndi chosemphana ndi chimenechi: galimoto yobwera ndi R-1234yf kuthiridwa R-134a chifukwa ndi wotchipa ndiponso wopezeka msanga. AC imatha kuziziritsa ndithu, koma galimoto imene inali ndi gasi wa GWP yosapitirira 4 imabwerera pa 1,430, ndipo magasi awiriwa akasakanikirana sangagwiritsidwenso ntchito bwinobwino ngakhale atakokedwa ndi makina.

Ndiye kuti R-1234yf alibe vuto lililonse?

Pa za kutentha kwa dziko ndi wabwino kwambiri, chifukwa amaphwanyika mumlengalenga pa masiku pafupifupi 11 okha. Koma ali ndi zake. Amayaka, ngakhale movutikira, ndipo mu 2012 kampani ya Daimler idakana kumugwiritsa ntchito kwa kanthawi itayesa n'kuona kuti angayake pa ngozi. Akapsa amatulutsa utsi wa poizoni, monganso amachitira R-134a akakumana ndi lawi, n'chifukwa chake kusuta fodya kapena kuwotcherera pafupi ndi mapaipi a AC n'koopsa.

Chinanso n'chakuti akaphwanyika amasanduka asidi wotchedwa TFA, amene amatsika ndi mvula ndipo sawola m'madzi. R-134a nayenso amatulutsa TFA, koma pang'ono. Akatswiri akulondoloza kuchuluka kwa asidi ameneyu m'mitsinje ndi m'nyanja za ku Ulaya. Kwa anthu okhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi, imene madzi ake amakhalitsa zaka zambiri asanatuluke kudzera mu Shire, ichi ndi chifukwa chokwanira choti gasi watsopanoyu nayenso asamatayidwe mwachisawawa.

Kodi malamulo akuti chiyani, ndipo R-134a adzasowa?

Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la Montreal mu 1991, ndipo mayiko ongotukuka kumene adasiya kuitanitsa magasi a gulu la R-12 pofika 2010. Mu Okutobala 2016 mayiko adakumana ku Kigali, m'dziko la Rwanda, n'kuwonjezera magasi a HFC, gulu la R-134a, pa mndandanda wa oyenera kuchepetsedwa. Malawi idavomereza kusinthaku mu 2017, ndipo kudayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019. Kwa gulu la mayiko limene Malawi ilimo, kuchuluka kwa ma HFC sikuyenera kukwera kuyambira 2024, kenako kuyenera kutsika ndi magawo 10 pa 100 mu 2029, 30 mu 2035, 50 mu 2040 ndi 80 mu 2045. Panganoli limafunanso kuti dziko lililonse likhale ndi ndondomeko ya zilolezo kwa oitanitsa magasiwa, ndipo kuno ntchito za pangano la Montreal zimayendetsedwa ndi ofesi ya ozoni ya ku dipatimenti yoona za chilengedwe.

Choncho R-134a sanaletsedwe ndipo sazimiririka mawa, koma adzapita nachepa, ndipo n'zachidziwikire kuti chinthu chikamachepa pamsika mtengo umakwera ndipo achinyengo amapezerapo danga. Galaja imene iphunzire kukoka ndi kusunga gasi idzakhala ndi mwayi pa zaka zikubwerazi.

Malawi imatulutsa mpweya wochepa poyerekeza ndi mayiko olemera. Tivutikirenji?

Funsoli ndi lomveka, ndipo n'zoona kuti mbali ya Malawi pa mpweya wotenthetsa dziko ndi yaing'ono kwambiri pamene mavuto ake, monga namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 kapena kusefukira kwa madzi ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, amatigwera molemera. Palibe anganene kuti AC ya taxi ya ku Senga Bay ndiyo idabweretsa zimenezi. Udindo waukulu uli kwa mayiko amene adapanga ndi kugulitsa magasiwa kwa zaka zambiri, amenenso amatitumizira magalimoto akale pamene malabala ake ayamba kutopa.

Komabe nkhani ya gasi wa AC ndi imodzi mwa zochepa zimene kusamala chilengedwe sikufuna kuti wosauka adzimane kanthu. Gasi amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene dziko lino limasowa, ndipo kompulesa yopsa chifukwa choyenda yopanda oilo imadula kuposa kalabala kamene kakadasinthidwa poyamba. Akatswiri amawerengera kuti pangano la Kigali likatsatiridwa ndi mayiko onse lingapewetse kutentha kofika theka la digiri pofika chaka cha 2100, ndipo chiwerengero cha magalimoto chikukula mofulumira m'mayiko otentha ngati lathuli.

Nanga galimoto ikachita ngozi kapena ikatha ntchito, gasi wake amapita kuti?

Ngozi ya kutsogolo nthawi zambiri imaswa kondensa, ndipo gasi amathawa nthawi yomweyo. Koma magalimoto ambiri amene amagonekedwa chifukwa cha injini kapena giyabokosi amakhala ndi gasi yense m'mapaipi, ndipo amatayika tsiku limene ogula zitsulo kapena ofuna masipeya adula mapaipiwo. Chimodzimodzi pamene injini ikutsitsidwa: kawirikawiri kompulesa ingathe kumasulidwa pa injini n'kumangiriridwa pambali mapaipi ake osatsegulidwa, ndipo ndi bwino kumupempha makaniko kuti atero ngati malo alola. Ngati kutsegula sikungapeweke, pitani kaye kwa amene ali ndi makina okokera gasi, monga tafotokozera pa funso la ntchito ya makaniko, ndipo mapaipi otsegulawo atsekedwe ndi zivindikiro kapena pulasitiki womangidwa bwino kuti chinyezi ndi fumbi zisalowe. Galimoto yakale ya m'zaka za m'ma 1980 kapena kumayambiriro kwa 1990 imene kapepala kake kalembedwa R-12 ifunika chisamaliro chapadera, popeza magalamu 500 a gasi ameneyu akufanana ndi matani oposa 5 a carbon dioxide, ndipo sayenera kuthiridwa mu silinda imodzi ndi R-134a.